Galimoto Zawo Timayendetsa, Chilankhulo Chawo Sitichidziwa

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre zinachokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ukalowa m'katimo, wailesi imakulonjera m'Chijapani, mabatani ali ndi zilembo zomwe dalaivala amangozidinadina mongoyerekeza. Malonda ndi dzikoli timachita tsiku lililonse, koma kuphunzira chilankhulo chake pa yunivesite sitikuganizako.

Ku Britain nkhaniyi anaiyala bwino. Mayunivesite monga SOAS ku London, Sheffield ndi Oxford ali ndi digiri ya Chijapani ya zaka 4, ndipo chaka chimodzi wophunzira amakakhala ku Japan komweko. A ku Oxford amapita ku Kobe m'chaka chachiwiri. Chifukwa chake n'chomveka. Hiragana ndi katakana zili ndi zilembo 46 chilichonse, ndipo munthu wakhama amazidziwa msanga. Phiri lenileni ndi zilembo za kanji: zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku zilipo 2,136, ndipo mwana wa ku Japan amamaliza pulayimale atadziwa kale 1,026. Wamkulu woyamba mochedwa ayenera kuziona pa siteshoni ya sitima, pa lisiti la m'sitolo, pa chikwangwani cha kuchipatala, kuti zikhazikike m'mutu. Buku lokha silikwanitsa.

Kwathu kuno Chifalansa chili ndi malo ake kusekondale ndi ku yunivesite ku Zomba, Chitchaina nacho chinapeza khomo kudzera ku Confucius Institute. Wofuna Japan amadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe kukafunsira thandizo la maphunziro la MEXT, kapena la ABE Initiative lomwe linalengezedwa mu 2013. Ambiri amakachita uinjiniya, zaulimi kapena zachuma m'Chingerezi, Chijapani n'kukhala chongogulira ndiwo. MEXT imapereka chaka chathunthu cha chilankhulo kwa okayamba digiri yoyamba, ndipo mwayi umenewu suyenera kuonedwa ngati chotchinga choti tingochidumpha.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti anzathu a ku Japan anayamba kale kutiphunzira. Kuyambira 1971 achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'masukulu ndi m'zipatala zathu, ndipo amalimbana ndi Chichewa kapena Chitumbuka mpaka kumanenerera mtengo wa tomato pamsika. Nanga ife?

Pamenetu tili ndi poyambira pabwino. Mjapani amasintha kalankhulidwe akamayankhula ndi wamkulu, amadzichepetsa n'kukweza mnzake. Wophunzira wa ku London izi zimamuzunguza mutu, koma mwana amene anakula akudziwa kuti agogo sawatchula kuti "iwe" amazimva msanga. Mawu ambiri a Chijapani nawonso amathera m'mavawelo asanu ngati athu, moti lilime la Mmalawi silipunthwa kwambiri. Dipatimenti imodzi yokha ya zilankhulo itayamba ndi kosi yokonzekeretsa mayeso a Chijapani a JLPT, kuchokera pa gawo la N5, opita ku Japan bwenzi akutsika ndege akutha kale kuwerenga dzina la siteshoni yawo.