Chitini cha Zitsulo Zotsala: Kuzindikira Chilichonse Makina Akale Asanalizidwe

Thirakitala yakale kapena injini ya chigayo ikagulidwa kwa mwini wake woyamba, siibwera yokha. Pamodzi nayo pamabwera chitini, kaya thumba, lodzaza mabawuti, manati, mawasha, timasipuling'i ndi tizitsulo tina topanda dzina. Wogulitsa amangoti, zonsezi n'zake. Ndiponso gulu la alimi likamasula makina otere n'kuwamanganso, kawirikawiri pa mkeka pamatsala tizitsulo tiwiri kapena titatu timene palibe akukumbukira kumene tinachoka. Apa ndi pamene pamabuka maganizo awiri. Ena amati, bola yamangika, tiyeni tiyilize. Ena amaima kaye. Nkhani ino yalembedwa pofuna kulimbikitsa oima kayewo.

Kuno ku Tembwe, m'chigwa cha Luangwa, nkhaniyi njaikulu. Ng'ombe zolimira n'zochepa chifukwa cha kashembe, motero makina amodzi amatumikira mabanja ambiri. Sitolo zodalirika za zipangizo zili kutali, ku Lundazi, ku Chipata ngakhale ku Lusaka, ndipo mvula ikakhazikika misewu imavuta. Injini ikafa mu Novembala chifukwa cha kachitsulo kamodzi kamene kanaiwalika, munda wa mpunga sudikira kuti chipangizo chifike. Ndalama za gulu zimalowa m'madzi, ndipo nthawi zina munthu amavulala.

Ku America kuli anthu amene amakonzanso magalimoto amphamvu a m'zaka za m'ma 1960, monga Pontiac GTO ndi Ford Mustang zimene zinatuluka mu 1964. Iwo amachita izi mongosangalala, koma ali ndi mwambo umodzi woyenera kuutengera: chitsulo chosadziwika sachitaya ndiponso sachikakamiza pamalo, koma amawerenga manambala ake kufikira atadziwa kwawo kwa chitsulocho. Ife tikusowa mwambo womwewo, chifukwa kwa ife makina ndi chakudya.

Yambani mwadziwa makinawo

Simungadziwe mwana musanadziwe banja lake. Choncho funani kaye kachitsulo kolembedwa dzina ndi nambala ya makina, ndipo nambala ya injini muipeza yodindidwa pambali pa thupi la injiniyo. Zonse ziwiri zilembeni m'buku la gulu.

Mwachitsanzo, Massey Ferguson 135 inkapangidwa ku Coventry, ku England, kuyambira mu 1964, ndipo zambiri zinali ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu. Injini ya mtundu womwewo inapitirira kuikidwa mu MF 240, ndipo mathirakitala a banja limeneli akhala akupangidwanso ku India ndi ku Pakistan. N'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe. Koma kufanana kumeneku ndi msamphanso, pakuti zina zimafanana m'maso mokha. Manambala ambiri a zipangizo za Massey Ferguson amathera ndi M1 kapena M91. Mukaona mathero otere pa chitsulo cha m'chitini, mwadziwa kale banja lake.

Injini za chigayo nazo zili ndi mabanja awo. Zobiriwira zakale za Lister, zoyenda pang'onopang'ono, zinkachokera ku Dursley, ku England, ndipo zofanana nazo zimapangidwa ku Rajkot, ku India. Zambiri za masiku ano n'zochokera ku China, ndipo dzina lake limanena kukula kwake: pa S195, 1 ndi silinda imodzi ndipo 95 ndi mamilimita a m'mimba mwa silindayo; pa ZS1115 ndi silinda imodzi ya mamilimita 115. Choncho mphete za pisitoni zotsala mungazipime n'kudziwa ngati zili za injini yanu kapena ayi.

Tsukani, yalani, werengani

Chitsulo chakuda ndi girisi sichilankhula. Tsukani chilichonse ndi palafini kapena dizilo, muchiyale pa katoni, zofanana pamodzi. Kenako funani manambala.

Mabelingi ndiwo osavuta. Pa belingi ya nambala zinayi, monga 6204, manambala awiri omaliza mukawachulukitsa kasanu amakupatsani kukula kwa bowo lake: 04 ndi mamilimita 20, ndipo 6205 ili ndi bowo la mamilimita 25. Zosiyana ndi zinayi zokha: 00 ndi 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, ndipo 03 ndi 17. Mukapeza 6204 yotsala, pimani mashafuti. Ya mamilimita 20 ndiyo muifufuze. Labala yotchinga oyilo nayo imakhala ndi manambala atatu, monga 35, 52 ndi 7: bowo lam'kati, kukula kwa kunja ndi kunenepa kwake. Lamba wolembedwa A ndi wotambalala mamilimita 13 pamwamba, wolembedwa B ndi 17.

Chopanda nambala chimakhalabe ndi zipsera za ntchito yake. Pamene pali powala ndi pamene chinkakhudzana ndi chinzake. Penti wofiira kapena wotuwa amaloza ku Massey Ferguson, wobiriwira ku Lister, wabuluu ku Ford. Dzimbiri la mbali imodzi limasonyeza kuti mbaliyo inali kunja. Washa wamkuwa, amene maginito samugwira, amakhala pa njira ya dizilo kapena ya oyilo. Fungo nalo ndi mboni, pakuti oyilo wa magiya sanunkha ngati wa injini.

Mazinga a mabawuti

Ngozi yobisika kwambiri ili m'mazinga. Pa makina amene tili nawo pali miyeso itatu. Wakale ndi wa Whitworth, umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841, ndipo umapezeka pa ma Lister akale. Wachiwiri ndi wa mainchi, wotchedwa UNC ndi UNF, umene mayiko a Britain, America ndi Canada anagwirizana mu 1949, ndipo ndiwo uli pa MF 135. Wachitatu ndi wa mamilimita, wa pa injini za ku China.

Bawuti ya 3/8 ya inchi ndi yonenepa mamilimita 9.5, ndipo imalowa m'bowo la M10 ngati kwawo. Ikazungulira kangapo imayamba kulimba, chifukwa mazinga ake ngotalikirana mamilimita 1.59 pamene a bowolo ndi 1.5. Wosadziwa amati yagwira, n'kuwonjezera mphamvu, ndipo mazinga a m'thupi la injini amaphwanyika. Lamulo n'lakuti bawuti yoyenera imalowa ndi zala zokha mpaka patali. Ikafuna sipanala poyambirira, siyake. Chimodzimodzi sipanala ya 13 pa mutu wa theka la inchi, umene ndi mamilimita 12.7, imagwedera ndipo imadya makona.

Yang'ananinso pamutu pa bawuti. Yolembedwa 8.8 kapena 10.9 ndi ya mamilimita, ndipo 10.9 ndiyo yolimba koposa. Yokhala ndi timizere titatu kapena tisanu ndi kamodzi ndi ya mainchi, ndipo ya timizere tambiri ndiyo yolimba. Komatu kulimba si ubwino paliponse. Pa zipangizo zina zokokedwa kapena zozunguzidwa ndi thirakitala pamakhala bawuti yoikidwa dala kuti idzithyoka pulawo ikagunda chitsa. Mukaikapo yolimba, chothyoka chidzakhala giya ya mtengo wapatali.

Funsaninso makinawo

Mukatha kufunsa chitsulo, funsani makina. Ayendereni ndi tochi, mbali ndi mbali. Funani bowo la mazinga lopanda bawuti, malo oyera pakati pa fumbi lakale, kangalande kopanda kanthu pa shafuti, kapena nati ya mano imene kabowo kake kalibe kapini.

Pali zotsala zimene zilibe vuto. Chitsulo chakale chimene chalowedwa m'malo ndi chatsopano chiyenera kutsala. Paketi ya magasiketi nthawi zambiri imapangidwira injini zingapo, motero ena amatsala. Zina n'za makina ena amene mwini wakale anali nawo.

Koma pali zina zimene zikatsala, injini isalizidwe. Kachitsulo kooneka ngati mwezi wodulidwa pakati ndi kiyi yomangira giya kapena pule ku shafuti. Kamphete kopyapyala kodukiza kamatsekereza pini ya pisitoni, ndipo popanda iko piniyo imakanda silinda. Kampira kachitsulo ndi kasipuling'i kake kawirikawiri n'zolamulira mphamvu ya oyilo. Washa wamkuwa wa pansi pa injekita ndiye amatseka mpweya wa m'silinda. Timapepala tachitsulo topyapyala ta pansi pa pampu ya dizilo, pa injini za silinda imodzi, ndito timaika nthawi imene dizilo amalowa, ndipo tikasowa injini imagogoda. Kiyi yamutu ya fulaiwilo ya Lister ikapanda kukhomedwa bwino, gudumu lolemeralo likhoza kuchoka likuzungulira. Kasipuling'i kapena kandodo ka gavanala kakaikidwa molakwika, injini ikhoza kuthamanga mopanda malire kufikira itadziphwanya. Zoterezi zikatsala, masulaninso. Tsiku limodzi lobwereza ntchito n'lotsika mtengo kuposa nyengo yonse ya ulimi.

Pamene mutu waima

Safunsa anadya phula. Jambulani chitsulocho ndi foni mbali zonse, mutaika lula pambali pake, ndipo tumizani zithunzizo pa WhatsApp kwa wogulitsa zipangizo pamodzi ndi nambala ya makina ndi ya injini. Buku la zipangizo, limene limaonetsa chitsulo chilichonse pamalo pake, n'lofunika kuti gulu lililonse likhale nalo. Pitani kukaona makina ofanana ndi anu amene akugwira ntchito m'mudzi wina. Amakanika achikulire amene anagwirapo makina otere afikireni mwaulemu, chitsulo chili m'manja, pakuti maso awo amazindikira msanga zimene buku silinena. Popita kukagula, tengani chakalecho.

Kuliza koyamba

Zonse zikadziwika, zunguzani injini ndi manja maulendo awiri athunthu, chifukwa pamenepo ndi pamene silinda iliyonse imamaliza ntchito yake yonse. Ikagwira penapake, musaikakamize. Poliza, ana akhale patali, wina ayang'anitsitse chizindikiro cha oyilo, ndipo wina akhale ndi kathabwa kosalala kotsekera polowera mpweya ngati injini itathawa. Asatseke ndi dzanja. Musafufuze podontha dizilo ndi chala, pakuti dizilo wa m'mapaipi a injekita amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Kwa amene mudzamasule makina m'tsogolo muno, njira yopewera chitini china ndi iyi: jambulani musanamasule, bowolani katoni n'kusomekamo mabawuti motsatira malo awo, ikani zitsulo za mbali iliyonse m'kathumba kolembedwa, ndipo amene wamasula ndiye amange. Zotsala zimene mwatsimikiza kuti si za makina anu muzimange kapepala konena chimene zili n'kuzisunga, pakuti mnzanu wa ku Chikwa kapena kwa Kambombo akhoza kukhala akufuna chomwecho.

Tonse tikudziwa kuti Ambuye atadyetsa khamu la anthu, zotsala zinatoledwa m'mitanga khumi ndi iwiri. Kusamala tinthu tating'ono ndi mbali ya ukapitawo umene tikuphunzira pano. Inu amene munamaliza maphunziro ndipo muli ndi chitini chotere m'nyumba, bwerani nacho mvula isanayambe, tidzayale pa katoni n'kutchula chilichonse dzina lake.