Masamu ali m'diso la ukonde

Ana anga a Fomu 2 akangomva mawu akuti rhombus, nkhope zimagwa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa iwo amachokera ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka, kumene makolo awo amagwira rhombus m'manja tsiku ndi tsiku. Diso lililonse la ukonde wa matchela ndi rhombus: mfundo zinayi ndi tizingwe tinayi totalika mofanana.

Tsiku lina ndinakhala pamchenga pafupi ndi bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde. Ndinawapempha kuti atambasule diso limodzi ndi zala. Kenako ndinaika kamtengo kuchokera pa mfundo yam'mwamba kufika pa yam'munsi, kena kuchokera kumanzere kufika kumanja. Timitengo tiwiriti ndi timene mabuku amatitcha ma diagonal. Timakumana pakati penipeni, kalikonse n'kugawa kanzake pawiri mofanana. Ngodya imene timapanga pokumanapo ndi ya madigiri 90, ngati ya sikweya ya kalipentala. Bambowo anakoka diso uku ndi uku, koma mtandawo sunapendekeke.

Chinsinsi chake n'chapafupi. Mfundo yam'mwamba ili pa mtunda wofanana kuchokera ku mfundo yakumanzere ndi yakumanja. Yam'munsinso chimodzimodzi. Choncho mzere wolumikiza ziwirizo sungakondere mbali imodzi.

Tsopano tiyeni tiwerengere. Tinene kuti kachingwe kalikonse ndi masentimita 5. Diso likatseguka masentimita 6 m'lifupi, m'litali limakhala 8, pakuti theka la 6 ndi 3, theka la 8 ndi 4, ndipo 3, 4 ndi 5 ndi manambala aja a Pythagoras. Kukula kwa bowo timakupeza pochulukitsa 6 ndi 8 n'kugawa pawiri: 24. Mukalikoka mpaka m'litali mufike 9.6, m'lifupi mumatsala 2.8, ndipo bowo limatsika kufika pa 13.44. Mukakokeratu, mzere umodzi ndi 10, winawo wafa. Ulusi ndi womwewo, koma khomo latsekeka.

Apa m'pamene masamu amakumana ndi ndiwo. Poyeza ukonde, alangizi a zausodzi amakoka diso mpaka litsekeke, chifukwa muyeso wokhawo ndi umene susintha: ndi kachingwe kamodzi kuwirikiza kawiri. Koma m'madzi, chimene nsomba imakumana nacho ndi bowo, ndipo bowo limadalira mmene msodzi wamangira ukonde ku chingwe cham'mwamba. N'chifukwa chake khoka likamakokedwa mwamphamvu maso ake amafinyika, ndipo kasawala, ana a chambo, amene akanapulumuka amatsala momwemo. Chambo chamawa chimathera pamenepo.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nsomba la 1997, ndipo ku chilumba cha Mbenji mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kwa zaka zambiri. Zonsezi n'zabwino, koma lamulo limagwira msanga pamene anthu akumvetsa chifukwa chake.

Bambo aja atandimvetsera anaseka, nati zimenezi anazidziwa asanamere ndevu, kungoti sankadziwa kuti zili ndi dzina. Aphunzitsi anzanga a m'mbali mwa nyanja, musanajambule rhombus pa bolodi, pemphani chidutswa cha ukonde wakutha mupite nacho m'kalasi.