Kodi mumadziwa? Joseph Conrad, mmalinyero amene anasanduka mlembi

Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa akatswiri olemba mabuku a Chingelezi anayamba kuphunzira chiyankhulocho ali ndi zaka 20? Joseph Conrad anabadwa mu 1857 ku Berdychiv, komwe lero ndi ku Ukraine, kwa makolo a ku Poland. Chipolishi ndi Chifalansa ankazidziwa kale. Chingelezi anachitola m'sitima, pakati pa amalinyero, ndipo mpaka imfa yake lilime linkamulemera akamachiyankhula.

Pofika zaka 11 anali mwana wamasiye, mayi ndi bambo onse atatengedwa ndi chifuwa chachikulu. Anamulera ndi amalume ake, a Tadeusz Bobrowski, omwe anavutika naye kwabasi. Mu 1874 mnyamatayu anapita ku Marseille kukayamba ntchito ya panyanja. Patapita zaka zinayi, ngongole zitamufika m'khosi, anadziwombera pachifuwa. Chipolopolo chinaphonya mtima, ndipo amalume aja ananyamuka ulendo kukabweza ngongolezo.

Nanga za sitima yotchedwa Palestine munazimva? Inanyamula malasha kupita ku Bangkok, koma mu 1883, ili kufupi ndi Sumatra, malashawo anayamba kufuka utsi m'mimba mwa sitimayo mpaka inaphulika. Conrad ndi anzake anathawira m'timaboti n'kupalasa mpaka kumtunda. Nkhani yake ya Youth inachokera pamenepo.

Chiphaso cha ukaputeni anachipeza mu 1886, koma panyanja anayendetsa sitima imodzi yokha, Otago. Kaputeni wa dzina, tingatero.

Mu 1890 anapita ku Congo, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium inkalilamulira ngati munda wake. Anakwera mtsinje wa Congo pa sitima ya Roi des Belges, nabwerako atafooka ndi malungo ndi kamwazi. Nkhanza zimene anaona azungu osaka minyanga ya njovu akuchita zinabala buku la Heart of Darkness mu 1899. Koma si onse analiombera m'manja. Mu 1975 Chinua Achebe wa ku Nigeria ananena poyera kuti Conrad anali watsankho, popeza Aafirika a m'bukumo anawasandutsa zithunzithunzi zopanda mawu. Ndaliwerenga, ndipo Achebe sanalankhule zopanda mutu.

Mu 1924 nduna yaikulu ya Britain, Ramsay MacDonald, inafuna kumupatsa ulemu woti azitchedwa Sir. Conrad anakana. Anamwalira pa 3 Ogasiti chaka chomwecho, ndipo anaikidwa ku Canterbury.