Akabaza, onyamula dziko pomwe phula lathera

Minibasi ikangoima pa Lizulu, pa Jenda, pa Nkando kapena pa Bangula, wotsika amazingidwa phazi lachiwiri lisanaponde pansi. "Tiyeni mayi, tikakusiyeni pakhomo penipeni." "Bwana, kuno, katunduyo timanga bwinobwino." Amenewa ndi akabaza, ena a njinga zakapalasa, ena a njinga zamoto. Ambirife timawaona ngati anyamata osowa chochita amene angodzipezera poponyera tsiku. Ine ndimawaona mwina: ndiwo agwirizira mayendedwe a dziko lino kuyambira pamene minibasi yatembenukira mpaka kukhomo kwa mlimi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi. Misewu yolembedwa m'mabuku a boma imapitirira makilomita 15,000, koma yothiridwa phula ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Yotsalayo ndi yafumbi, ndipo kupitirira apo kuli tinjira ta m'minda ndi m'madambo tosawerengedwa ndi aliyense. Akuluakulu amakumbuka basi za UTM zimene zinkalowa m'misewu yafumbi n'kukagona kumidzi, m'mamawa n'kudzuka ndi anthu ndi nkhuku zawo. Zitatha za UTM ndi za Stagecoach zimene zinalowa m'malo mwake, Shire Bus Lines nayo itagwa, a minibasi anasankha misewu yosaphwanya galimoto. Palibe angawadzudzule, poti sipuling'i ikathyoka amagula okha. Koma mayi wa ku sikelo, mphunzitsi wokatenga malipiro ndi mlimi wa tomato anatsala ndi makilomita khumi kapena makumi awiri oti adzionere okha. Mpata umenewo ndi umene kabaza analowamo.

Wa njinga yakapalasa mpamba wake ndi thupi lake. Njinga amaigula, kawirikawiri ya ku India, koma saigwiritsa ntchito mmene yachokera m'sitolo. Amapita nayo kwa wowotcherera kuti aike kaliyala yazitsulo zolimba, yotha kusenza thumba la makilogalamu 50 la chimanga kapena feteleza, nthawi zina awiri. Amasintha masipoko a tayala lakumbuyo n'kuika okhuthala, amaikapo khushoni yofewa, popondera mapazi ndi kachitsulo kogwirira wokwera. Ena amaikongoletsa ndi magalasi, mabelu awiri ndi mawu a m'mitima mwawo kumbuyo kwa madigadi. Akatero ndiye kuti watsegula kampani. Kumalo athyathyathya monga Salima, Nkhotakota, Mangochi, Balaka ndi kuchigwa cha Shire ntchitoyi imayendako. Koma pitani ku Mzuzu kapena ku Dedza mukaone munthu ataimirira pa mapedulo, mitsempha ya m'khosi ili tong'o, akukweza chitunda munthu wolemera kuposa iye. Pofika zaka makumi anayi, mawondo ndi msana zimakhala zitayamba kulankhula. Ndipo tsiku limene wadwala malungo, kunyumba sikulowa kanthu.

M'zaka zapitazi njinga zamoto zachuluka zedi: Lifo, Sanlg, King Lion, Boxer, zambiri zolowera m'malire a Mozambique ndi Tanzania. Zatenga maulendo ataliatali ndi makasitomala othamangira nthawi, n'kusiyira a kapalasa maulendo afupi ndi katundu wosafuna changu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti wokwera pa njinga yamotoyo nthawi zambiri si mwini wake. Mwini ndi mphunzitsi, namwino, msilikali kapena wagolosale, amene amafuna tageti yake madzulo alionse, kaya kunagwa mvula, kaya apolisi anaigwira njingayo m'mawa. Mnyamatayo amayamba wapeza ya bwana, kenako ya mafuta, zotsalazo ndiye zake. Ena amagwirizana kuti akapereka ndalama mosadumphitsa kwa miyezi yakutiyakuti njingayo idzakhala yawo, ndipo amene apirira mpaka pamenepo moyo wawo umasinthadi: amafolera nyumba ndi malata, amalipirira mng'ono wawo sekondale. Koma njirayo ndi yaminga. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala, tcheni, pulagi ndi oyilo zonse zinakwera. Mafuta akasowa, mnyamata amagona pamzere pa filing'i siteshoni, apo ayi amagula a m'zigubu pamtengo woboola m'thumba, ndipo kasitomala akamva mtengo watsopano amamuyesa wakuba.

Pa siteji pali dongosolo limene wodutsa saliona. Pali tcheyamani, mlembi ndi msungichuma. Mlendo sangangofika n'kuyamba kunyamula anthu. Amalipira yolowera, amadziwika kwawo ndi kwa mfumu yake, amadikira mzere wake. Amasonkherana chipereganyu, amayendera mnzawo akagonekedwa m'chipatala, amaperekeza maliro ali pa mdipiti wa njinga. Wokwera akaiwala chikwama, pa siteji yolongosoka chimapezeka. Ndipo pambali pawo pamadya anthu ena ambiri: womata machubu pansi pa mtengo wa mango, makaniko wa njinga zamoto amene sanapiteko ku sukulu ya ntchito zamanja koma amamva vuto la injini ndi khutu, mayi wa mandasi ndi thobwa, wa Airtel Money ndi Mpamba.

Nkhani ya umphawi imaonekera pa mtengo wa ulendo. Kabaza satchula mtengo poyang'ana kutalika kokha. Amawerengera mchenga, chitunda, matope ndi mtsinje woti awoloke atanyamula njinga paphewa. Msewu ukaipa mtengo umakwera, ndipo wolipira ndi uja amene ali kutali kwambiri, amenenso ndiye wosaukitsitsa. Mlimi wa mbatata ya kachewere kumapiri a Tsangano kapena wa nandolo ku Neno amachotsa ndalama ya mayendedwe pa thumba lililonse asanaone phindu. Akaona kuti sizikutuluka, amagulitsa kwa venda amene wafika pakhomo ndi sikelo yake, pamtengo umene vendayo wanena. M'dzinja kalavati imodzi ikakokoloka, mudzi wonse umagula mchere, sopo ndi feteleza modula, ndipo mayi amene matenda amuyamba usiku asanapite kuchidikiro amamangidwa ndi chitenje kumsana kwa wa njinga yamoto. Anthu a ku Makhanga ndi ku Muona amadziwa bwino zimenezi, poti kwa zaka zambiri ulendo wa ku Bangula wakhala wotsika njinga, kukwera bwato pa Mtayamoyo, n'kukweranso njinga tsidya linalo, paliponse ndalama. Namondwe Freddy atagumula milatho ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu March 2023, kumidzi ina njinga ndi mapewa a anthu ndizo zinayamba kufikako galimoto zisanathe kudutsa.

Sindingabise mbali yowawa. Ngozi za njinga zamoto zadzaza mawodi a othyoka mafupa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera. Anyamata ambiri anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira masana amodzi, m'mawa mwake n'kuyamba kunyamula anthu. Alibe laisensi, njinga ilibe nambala kapena inshuwalansi, chipewa choteteza mutu n'chimodzi kapena palibe, ndipo pampando wa anthu awiri pamakhala anayi, mwana ali pa thanki. Ena amalawako kachasu kuti achotse kuzizira. Izi n'zolakwika ndipo zikupha anthu. Komabe amene amangoti "agwidwe basi" ayambe wafunsa kuti laisensiyo imatengedwa kuti ndipo imadya ndalama zingati. Maofesi a Road Traffic ali m'mizinda ndi m'matauni owerengeka, sukulu zoyendetsa nazo n'chimodzimodzi. Mnyamata wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ayenera kusiya ntchito masiku angapo, kulipira ulendo, malo ogona ndi maphunziro, pamene bwana akudikira tageti. Kulanda njinga pa rodibuloko kumangomuphunzitsa njira zozemba. Kumene ophunzitsa kuyendetsa ndi olembetsa njinga apita okha kukakumana ndi akabaza pa siteji, kudzera m'mabungwe awo, anyamata amabwera. Iwonso amaopa kufa. Amaopanso achifwamba amene amadzionetsa ngati makasitomala usiku, n'kukawakhapa kuthengo chifukwa cha njinga.

Boma likumanga, ndipo zina zikuoneka. Msewu wa M1 unayamba kukonzedwa kuchokera ku Lilongwe kulowera kumpoto ndi thandizo la European Investment Bank ndi European Union. Zipata zolipiritsa zinatsegulidwa pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022 kuti Roads Fund Administration ipeze ndalama zosamalira misewu. Pa lita iliyonse ya petulo palinso kandalama ka misewu, kutanthauza kuti wa njinga yamoto wa ku Kameme kapena ku Thekerani amasonkha nawo tsiku lililonse, ngakhale njira imene iye amayendamo imaona giredala mwa apo ndi apo. Zimene iye akufuna si zodula ngati msewu wa mizere inayi wa mumzinda. Akufuna kalavati pa kamtsinje kamene kamadula mudzi wake miyezi itatu pachaka, kamlatho kakonkire m'malo mwa mitengo yoyala, ngalande zotaya madzi, ndi gulu la anthu a m'mudzi momwemo lolipidwa kuti lizikwirira maenje mvula ikangotha. Pa phula penipenipo akufuna m'mphepete motakasuka. Misewu yathu yambiri inadyeka m'mbali mpaka phula linatsala lokwana galimoto ziwiri zokha, ndiye thiraki ikaliza hutala kumbuyo, wa kapalasa amene wasenza matumba awiri a makala kapena mayi ndi mwana wake alibe kothawira koma kudumphira m'chigwembe. Ojambula mapulani a misewu yatsopano akamawerenga magalimoto odutsa pa tsiku, awerengenso njinga, poti m'misewu yambiri ya m'maboma njingazo n'zimene zimachuluka kuposa magalimotowo.