Kuzolowetsa mbuna madzi atsopano: ngozi imayamba thumba likatsegulidwa

Mbuna, nsomba zamawangamawanga zokhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, zimagulitsidwa kunja ngati nsomba zokongoletsera m'nyumba. Ku Chembe ntchitoyi ili ndi malire. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo nkoletsedwa kugwira nsomba pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake monga Thumbi West ndi Domwe. Komabe alangizi akuyenera kuidziwa nkhaniyi, poti zimene zimapha mbuna paulendo ndi zomwenso zimapha mbewu ya chambo ndi makumba yopita kumadamu a alimi.

Madzi a m'nyanjayi amakhala ofunda, madigiri 23 mpaka 29 malinga ndi nyengo, ndipo pH yake imakhala pafupi ndi 8. M'thumba lomangidwa zinthu zimasintha. Nsomba zikamapuma zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwe umatsitsa pH. Zimatulutsanso amoniya, yemwe ndi poizoni, koma pH ikakhala yotsika mphamvu yake imachepa. Ndiye chifukwa chake nsomba zimatha kufika zamoyo patatha tsiku lathunthu. Thumba likangotsegulidwa, carbon dioxide amathawa, pH imakwera, ndipo amoniya uja amayamba kuwononga ziwalo zopumira. Munthu amene wathiramo madzi a pH 8 pang'onopang'ono, poganiza kuti akuchitira nsomba chifundo, ndiye kuti wafulumizitsa vutolo. Nthawi zina nsomba zimafa mawa lake, mlandu n'kugwera wogulitsa.

Choncho njira isankhidwe potengera kutalika kwa ulendo. Ngati nsomba zakhala m'thumba maola ochepa chabe, amoniya amakhala asanachuluke. Thumba liyandamitsidwe lili lomanga m'thanki kapena m'damu kwa mphindi 15 mpaka 30, pamthunzi, kuti kutentha kufanane. Kenako kuthiramo madzi atsopano pang'onopang'ono sikulakwa. Koma ngati zagona m'thumba, monga zokwera ndege pabwalo la Kamuzu, zikangotha mphindi zoyandamitsazo zitulutsidwe msanga ndi kaukonde. Madzi a m'thumba atayidwe pamtunda, asalowe m'thanki, m'damu kapena m'nyanja, chifukwa amanyamula matenda.

Njira yodontheza madzi ndi kapaipi imakondedwa ndi osunga nsomba za m'nyanja zamchere, komwe kusiyana kwa mchere kumavutitsa nsomba. Mbuna ndi za m'madzi opanda mchere, motero kutengera njirayi mwachimbulimbuli kulibe phindu pambuyo pa ulendo wautali.

Zambiri zimakonzedwa ulendo usanayambe. Nsomba zisadyetsedwe kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti zisaipitse madzi. M'thumba madzi akhale gawo limodzi mwa magawo atatu, kotsalako mpweya wa okosijeni. Mbuna zazimuna ndi zandewu, choncho zikuluzikulu zipakiridwe iliyonse payokha. Zogwidwa pakuya zili ndi vuto linanso: zikakwezedwa mofulumira, kathumba ka mpweya ka m'mimba kamafufuma, nsomba n'kumayandama chagada. Osambira odziwa ntchito amazisiya m'khola pansi pa madzi, n'kumakweza kholalo pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Zikalowa m'madzi atsopano, tsiku loyamba zisapatsidwe chakudya. Nsomba zikamasonkhana pamwamba n'kumayasamula kukamwa, choyamba kuonedwa chikhale mpweya m'madzimo, osati mankhwala.