Nyali za Kauni ndi Usipa wa pa Msika

Mtsinje wa Rivirivi umachokera ku mapiri a ku Ntcheu, nudutsa m'boma la Balaka mpaka kukathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Anthu okhala m'mbali mwake amapha milamba ndi matemba pogwiritsa ntchito miyono ndi mbedza, koma ndiwo imene imapezeka kaŵirikaŵiri m'mbale zao ndi usipa, nsomba imene ilibe kwao mumtsinjewo. Usipawo umadza ndi amalonda kuchokera ku Mangochi kudzera pa Ulongwe ndi pa Liwonde. Amai ogula pa msika wa Balaka amadziŵa kuti masiku ena mulu umakula, masiku ena umachepa pa mtengo womwewo. Chifukwa chake chili kumwamba: ndi mwezi.

Usipa wambiri wa m'Nyanja ya Malaŵi umaphedwa usiku, ndipo chouitana ndi nyali. Usodzi umenewu asodzi amautcha kauni. Masana usipa umatsikira pansi, koma kukada umakwera kutsata tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene ndi chakudya chake, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu. Nyali ikayaka pamwamba pa madzi, tizilomboti timasonkhana pamene pali kuŵala, usipa nuunjikana pomwepo. Koma nyali imapambana pokhapokha ikakhala yopanda mpikisano. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imayera, nsomba zimabalalika, ndipo asodzi ambiri amakoka mabwato ao pamtunda nayamba kusoka makoka. Mwezi ukapita kumdima ntchito imayambanso, ndipo pakapita masiku oŵerengeka, usipa uja utauma pa thandala, mulu wa ku Balaka umakula.

Khoka la ntchitoyi ndi chilimila, limene linafala kuchokera ku chilumba cha Likoma. Silikokedwera kugombe ai. Limaponyedwa pakati pa nyanja ndipo limakokedwera m'mabwato. Mabwato amakhala atatu. Aŵiri amanyamula khoka ndi alovi olikoka, pamene lachitatu, laling'ono, limakhala ndi munthu mmodzi yekha ndi nyali zake. Munthuyu amatchedwa siginala.

Pa siginala ndi pamene pagona luso lonse. Iye amapalasa kutali ndi anzake, nakhala chete pa mdima, maso ali m'madzi. Amayang'ana tithovu totumphuka pansi pa nyali, namvetsera kuthwanima kwa nsomba, kufikira atakhutira kuti zakwanira. Akafulumira kuitana, anzake amakoka khoka lopanda kanthu. Akachedwa, gulu lija limamwazika. Tsono akaitana, mabwato aŵiri aja amaponya khoka momuzungulira, iye nayamba kupalasa pang'onopang'ono, nkhafi osaimveketsa, kutsogolera nsomba m'kamwa mwa khoka monga mbusa aloŵetsa mbuzi m'khola. Nchifukwa chake pogaŵana ndalama siginala amalandira zoposa mlovi wamba, ndipo eni makoka amalimbirana siginala wodziŵika.

Nyali zenizenizo zasintha. Makolo ankayatsa miuni ya udzu ndi bango. Kenaka kunadza nyali za parafini zopopa, zija za Tilley, zimene zinkadya mafuta ambiri ndi kusweka magalasi mafunde akakula. Zaka za posachedwapa asodzi ambiri atembenukira ku mababu oyendera mabatire. Nzeru yomweyi ili pa Nyanja ya Tanganyika, ndiponso pa Kariba, pamene kapenta anathiridwa mu 1967 ndi 1968 kuchokera ku Tanganyika komweko. Pa Cahora Bassa m'chigawo cha Tete kapenta amaphedwanso ndi nyali.

Ntchitoyi si yamaseŵera. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatha kudzuka pakati pa usiku, bwato lili kutali ndi mtunda, ndipo mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ataya ana ao motero.

Vuto lina ndi lakuti nyali siisankha. Pa madzi akuya imaitana usipa ndi utaka, koma ikayatsidwa pa madzi osaya, kumene chambo chimaswana, khoka limakokolola ana a chambo pamodzi, makamaka ngati asodzi asokereramo neti ya udzudzu. Za mapeto ake anthu a ku Machinga ndi Balaka sachita kuuzidwa, pakuti Nyanja ya Malombe ili pafupi nawo. Kumeneko chambo chinali chochuluka, koma makoka a maso ang'onoang'ono anachithetsa pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1993 kunayamba makomiti a m'madoko othandizana ndi Dipatimenti ya Nsomba kusunga malamulo, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano losamalira nsomba. Ngakhale zili tero, chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale, ndipo pa nsomba zonse zophedwa m'Malaŵi, zoposa theka tsopano ndi usipa uja woitanidwa ndi nyali.