Misewu ya m'ubongo ndi matenda a khunyu

Wochoka ku Sanjala ndi thumba la mbatata kupita kumalire a Mandimba amadziwa kuti ulendo wake wagona pa msewu wa N13. Mlatho umodzi ukaduka nthawi ya dzinja, midzi imakhalapobe, koma katundu safika. Asayansi masiku ano akuwuona ubongo chimodzimodzi. Safunsa kokha kuti chigawo ichi chimagwira ntchito yanji, amafunsanso kuti chimalumikizana ndi ziti.

Mu ubongo wa munthu muli maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo amatumizirana uthenga ndi timphamvu ta magetsi. Ofufuza amajambula ubongo ndi makina a MRI, n'kuugawa m'zigawo, kenako kompyuta imawerenga njira zochoka m'chigawo chilichonse. Mapu oterewa anapatsidwa dzina loti connectome mu 2005. Ntchitoyi ndi yowawa: mapu a kanyongolotsi ka maselo a mitsempha 302 okha anatenga zaka zoposa khumi, n'kutuluka mu 1986, ndipo a ubongo wonse wa kantchentche kazipatso anamalizidwa mu 2024. A munthu akadali osonyeza misewu ikuluikulu basi.

Ngakhale zili choncho, mapuwa aonetsa kuti zigawo zina zili ngati Lichinga kapena Cuamba, pomwe njira zambiri zimakumana. Pakavulala malo otere, vuto limafika kutali. N'chifukwa chake sitiroko yaing'ono imatha kulanda munthu mawu ndi mkono nthawi imodzi.

Kwa mabanja akumidzi, phindu lenileni la sayansiyi lili pa khunyu, matenda amene ambiri amati akugwa. Kukomoka kumayamba pamene maselo a malo ena atulutsa magetsi ochuluka mwakamodzi. Magetsiwo akatsalira pomwepo, munthu amangoyang'ana kumodzi kapena kunjenjemera dzanja, ndipo apabanja sadziwa n'komwe kuti ndi matenda. Akalowa m'njira zikuluzikulu n'kufalikira mbali zonse ziwiri za ubongo, ngati moto wolusa m'tchire la mu Okutobala, munthu amagwa n'kuphupha. Apa palibe ufiti, ndipo thovu la wodwala silipatsira aliyense.

Zipsera zoyambitsa vutoli zimachokera ku zinthu zodziwika kuno: kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu pangozi ya njinga yamoto, mazira a njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba, ndi malungo a mu ubongo. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wa MRI yemwe anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo amenewa. Ena mwa opulumuka amadzayamba khunyu patapita miyezi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 70 mwa 100 alionse akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Mankhwala monga phenobarbital ndi carbamazepine amachepetsa ukali wa magetsi aja, koma ngofunika kumwa tsiku lililonse. Kusiya mwadzidzidzi, monga zimachitikira anthu akasamukira kumunda nthawi yokolola, kumabweretsa kugwa koopsa.

Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala chapafupi.